Dzanja la Malemu Jobe

1

Ndinakwatiwa, ndinabereka, ndinatenganso pakati, kenako mwamuna anandifera. Zonsezi zinachitika ndili mbeta yodikira ukwati wanga woyamba. Musathamangire kundiweruza, owerenga. A ku Kande anandiweruza kale mpaka anatopa.

Dzina langa ndi Tamanda, kwathu ndi ku Ntcheu. Ntchito ndi imene inandiponya ku Chintheche, ku kabungwe kena kogawa masikito m'midzi kuyambira ku Mpamba mpaka ku Tukombo. Mavolontiya athu amayenda khomo ndi khomo kulemba mabanja pa foni, pogwiritsa ntchito pulogalamu imene anapanga anyamata ena a ku Mzuzu. Gawo langa linali kabuku ka malangizo, kofotokoza kuti ukadina apa pabwera chakuti, ukalakwitsa ubwerere motere. Kulemba ndine, kujambula zithunzi ndine, kukasindikiza ndine.

Ntchitoyi ikanakhala yokoma pakanapanda anyamata a ku Mzuzuwo. Anthu amenewo manja awo sakhazikika. Batani limene lero lili kumanja, mawa ulipeza kumanzere, lasintha ndi mtundu womwe. Iwo amati ndi apudeti. Apudeti ikangofika, kabuku kanga kasanduka kabodza, volontiya n'kumaima pakhomo pa munthu akusakasaka batani lobiriwira loti linachotsedwa kale. Zikatero ndimakonza masamba, kusindikizanso, kenako kutolera timabuku takale kuti tisasokoneze anthu. Lamulo linali loti takaleto tiziwotchedwa. Wowotcha anali Happy, dalaivala wathu, munthu woti ngakhale botolo losweka salitaya.

Pa nthawiyo ndinali nditatomeredwa ndi Mizeck wa ku Kande, woyendetsa boti la alendo pa loji ina, mwamuna woti mawu amachita kupima asanawatulutse. Akwathu ndi akwawo anali atamvana zonse. Chotsala chinali choti ukwati ulengezedwe m'tchalitchi. Mnyamata ameneyu ndinkamukonda, ndipo sindichita manyazi kunena.

Bambo ake, Ada Levison, anali mkulu wa mpingo wotchuka ndi ulaliki umodzi, woti foni zamakonozi, zoseweretsa ndi chala pagalasi, ndi nkhwangwa yogwetsera mabanja. Sanangolalikira pakamwa. Foni imene mwana wawo wa ku Joni anatumizira mayi ake anailanda n'kuitsekera m'sutikesi. Mayiwo, Ama NyaManda, sanatsutse. Anangoti, "Yewu," ndipo amene amawadziwa bwino anachita mantha ndi kuthokoza kumeneko.

2

Kuti munthu amvetse pulogalamu, amafunika kuona chitsanzo chodzaza bwino, osati mabokosi opanda kanthu. Abwana analetsa kugwiritsa ntchito mayina a anthu enieni popanda chilolezo chawo. Ndinaona kuti munthu yekhayo amene sangandizenge mlandu ndi ine ndemwe, choncho pamalo a mkazi ndinalembapo dzina langa lonse. Pulogalamuyo inakana kupita patsogolo popanda mwamuna. Ndinatola dzina loyamba limene linandibwerera m'mutu, Jobe. Kukwatiwa kwanga kunali komweko.

Kenako abwana anati zithunzi za galasi la foni lokha sizikuthandiza. Mavolontiya amamva msanga akaona chala chenicheni chikudina. Manja anga anali pa kamera. Happy ndinamuyesa, koma m'zikhadabo zake munali oyilo wa galimoto woti ngakhale sopo anamugonjera.

Tsono panali munthu wina amene ankabwera ku ofesi kwathu masana, anzanga akapita kokadya. Ankalowera khomo lakuseri. Zimene ankabwerera ndinalumbira kuti sindidzaulula, ndipo dzina lake ndikusungirani kaye. Munthuyu anali ndi manja osamalidwa bwino, mphete kumanzere, chala cha mkombaphala chopindika pang'ono kunsonga. Nditamupempha anavomera mwansangala.

"Nkhope isaoneke," anatero.

"Manja okha," ndinamutsimikizira.

Anayamba kuikonda ntchitoyo. Tsiku lojambula ankafika atawenga zikhadabo, atadzola ndi mafuta omwe.

Apudeti yotsatira inabwera ndi tsamba la ana aang'ono. Ine ndi Jobe tinadalitsidwa ndi mwana wamkazi, Chawezi. Ndinasindikizanso, takale ndinapatsa Happy. Ina itabwera inafunsa ngati m'nyumbamo muli woyembekezera, popeza amayi oterowo ndi amene amayamba kulandira masikito. Ukadina kuti ayi, tsamba lotsatira silitseguka, ndiye ndikanajambula chiyani? Chala chija chinadina kuti inde. Ndinasindikizanso, takale ndinapatsa Happy.

Banja lathu linkayenda bwino. Jobe sankamwa, sankafunsa za ndiwo, ndipo sanandiyankhepo mwano.

3

Loweruka lina Ama NyaManda anandiitanitsa ku Kande. Ndinawapeza pakhonde atayala mapepala pamkeka, lililonse atalitsendereza ndi kamwala. Mapepalawo anali onona ndi mafuta, koma ndinawazindikira ndili patali.

"Mwe wuli, Ama?" ndinapereka moni m'Chitonga changa chotsimphina.

"Khala apo, mwana wangu," anatero, moni uja atausiya m'malere. "Ndinagula usipa wokazinga pamsika, anandikulungira mu ukwati wako. Ndinabwereranso kukagula mandasi, ndinapeza uli ndi mwana. Dzulo ndagula mtedza, uli ndi mimba. Ndikuopa kugula tchipisi."

"Ama, chimenecho ndi chitsanzo chabe, chophunzitsira anthu. Jobe kulibe."

"Kulibe?"

"Kulibiretu. Ndinangomupeka."

Anatola tsamba limodzi n'kuliyandikiza kumaso. "Boza ndimalidziwa, mwana wangu. Lili ndi miyendo, limayenda. Koma boza la zala zonse, lovala mphete, lowenga zikhadabo, sindinalionepo cha. Dzanja ili ndi la yani?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ndinanena kale ine za mafoniwa, NyaManda," anamveka mawu a Ada Levison m'nyumba, kudzera pawindo. "Mwaonatu."

"Tamva, Awisi Mizeck," anayankha Ama osacheuka, kutanthauza bambo a Mizeck. Kenako anandiyang'ana. "Sindikukuthamangitsa. Koma ukwati salengeza m'tchalitchi mpaka dzanja ili libwere pano ndi mwini wake, anene yekha kuti si mwamuna wako."

Lolemba ndinamupeza Happy akutsuka galimoto.

"Happy, timabuku tija unkawotcha?"

Anafinya chinsanza mofatsa. "Asisi, pepala lonyezimira ngati lija kuliwotcha? Ndi tchimo. Ndinkapatsa mlamu wanga wogulitsa usipa, iye n'kumagawirako anzake. Amalitama kwambiri, akuti silidontha mafuta."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira koyamba kaja. Afika nato mpaka ku Limphasa. Makasitomala ena akuchita kusankha tsamba, akuti akufuna adziwe ngati mwachira."

Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake makondakitala a minibasi anayamba kundipatsa mpando wakutsogolo n'kumandiuza kuti nditsike bwinobwino.

4

Mwini dzanja atalowa pakhomo lakuseri masana amenewo, sindinamupatse ndi moni womwe.

"Mwamva zimene zachitika. Pitani mukanene."

"Tamanda, ndikanena ndatha ine."

"Mukapanda kunena watha ndi ukwati wanga."

"Unalumbira," anatero, thukuta lili kamukamu. "Taleza mtima. Anthu amaiwala. Pakangogwa nkhani ina, yako izizira."

"Nkhani yanga ikugulitsidwa pamodzi ndi usipa. Izizira bwanji?"

Anandigwadira, owerenga. Munthu wamkulu ndi mawondo ake, pasimenti ya ofesi. Ndinakwiya, koma chisoni chinandigwiranso, ndipo ndinabwereza lumbiro lija ngati chitsiru. Kwathu anandilera kuti mawu ukapereka sulanda.

M'mawa mwake Mizeck anabwera panjinga atanyamula jumbo yodzaza mapepala. Nkhope inali itagwa, akuyenda atagwira pamimba.

"Ukudwala?"

"Ndakhala ndikugula chilichonse chokulungidwa m'kabuku kako, kuti mapepalawa achoke pamsika," anatero. "Kutaya chakudya sindingathe. Mandasi sindifunanso kuwaona."

Ndinafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Anakhala pabenchi n'kuyamba kuwongola tsamba limodzi pabondo, kuliwongola, kuliwongolanso.

"Za Jobe sindikufunsa," anatero.

"Nanga ukufunsa chiyani?"

"Mwanayo. Chawezi. Alipo?"

Mawu amenewo anandilasa kuposa onse a Ama. Anthu apamsika anene, makondakitala anene, koma Mizeck?

"Ngati ungandifunse zimenezo, pita ukafunse pepalalo," ndinamukalipira. "Ndi limene ukulikhulupirira."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kugwedeza mutu ngati wamva yankho. Anapinda tsamba lija, kuliika m'thumba la malaya, n'kukwera njinga. Mkwiyo unandiphimba moti sindinazindikire kuti mawu akuti ayi sindinawatchule.

5

Mlungu womwewo anyamata a ku Mzuzu anatumiza apudeti ina. Kwa nthawi yoyamba ndinailandira ndi manja awiri, chifukwa inabwera ndi batani latsopano lochotsera munthu womwalira m'banja. Nzeru inandibwerera, ija imabwera munthu ukasowa pogwira. Ngati Jobe akukana kusakhalapo, afe.

Mwini dzanja anagwirizana nazo msangamsanga. "Afe ndithu, tipume," anatero, ndipo anadina batanilo ndi mphamvu ngati akupha nsikidzi. Ndinajambula, ndinakonza masamba, ndinasindikizanso. Kabuku katsopano kanafika kwa mavolontiya kali ndi tsamba lonena momveka bwino kuti Jobe wamwalira.

Ndinaiwala kuti ena mwa mavolontiya athu ndi amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo. Ndinaiwalanso kuti kabuku kanga anthu anali atasiya kukawerenga ngati malangizo. Ankakadikira ngati sewero la pa wailesi.

Nditaweruka ndinapeza pakhomo pa nyumba yanga ya lendi pali mitolo ya nkhuni, amayi atakhala pamikeka akuimba motsitsa. Mmodzi anandikumbatira.

"Pepa, mwana wangu. Ndi mimba yomweyi? Dziko ili."

"Amayi, palibe wamwalira."

"Amatero onse poyamba," anauza mnzake. "Sanavomereze."

Wina anafunsa ngati thupi lipite ku Ntcheu. Wina anandilangiza kuti za ukwati ndi Mizeck ndiziike kaye pambali, chifukwa namfedwa sathamangira nsalu yoyera. Wachitatu anafunsa ngati malemu anasiya njinga.

Ama NyaManda anafika pomalizira. Anakhala pambali panga, kabuku katsopano kali m'manja.

"Ndamva za Jobe," anatero motsitsa. "Pepa. Koma tandithandiza, mutu wanga ndi wakale. Chala ichi, chikudina kuti wamwalira, si chomwe chija?"

Ndinayang'ana chithunzicho. Mkombaphala wopindika uja anali pabatani, mphete ikunyezimira kumanzere.

"Ndaona zambiri pa moyo wanga," anapitiriza Ama, "koma munthu wolengeza yekha maliro ake ndi woyamba uyu. Loweruka ubwere ku Kande. Nkhaniyi ithe, kaya ithera uku kaya uku."

Amayi aja anachoka atakhumudwa. Nkhuni anabwerera nazo.

6

Loweruka masana abale a Mizeck anadzaza pansi pa mtengo wa mango. Pakati anaikapo tebulo. Ama analamula kuti mwamuna aliyense amene anandipatsapo moni adutse n'kuyala manja ake patebulopo. Anadutsa asuweni, amalume, aneba, ndi Happy yemwe. Ama ankayang'ana chithunzi, kuyang'ana dzanja, kulitembenuza ngati akugula nsomba, kenako n'kuti, "Pita." Amalume ena anadandaula kuti awakana msanga.

Mizeck anakhala payekha pachitsa, maso ali pansi. Chibwerere tsiku lija anali asanandiimbire.

Wotsogolera zokambirana anali Ada Levison, monga mwini khomo. Kunja kunkatentha moti abuluzi anabisala, koma iwo anavala jekete yakuda, manja onse ali m'matumba. Anati nyamakazi yawagwira, manja sakufuna mphepo. Moni ankapereka ndi mutu.

Amuna onse atatha, Ama anati, "Dzanja silinapezeke. Awisi Mizeck, mufunseni mwanayu komaliza. Akakana kunena, amalume apite ku Ntcheu akauze akwawo kuti zalephereka."

Ada anatsokomola, anaimirira, n'kutulutsa mawu awo a paguwa.

"Tamanda, pamaso pa abale onsewa, tiuze. Dzanja limeneli ndi la yani?"

Owerenga, mwini dzanja anali wondifunsayo.

7

Zinayamba chonchi. Atangoilanda foni ya Ama ija, Ada anafuna kuona ndi maso awo zoipa zimene ankalalikira. Anabwera nayo kwa ine mwamseri kuti ndiwasonyeze poyatsira. Tsiku loyamba anaona zithunzi za zidzukulu zawo za ku Joni, anapukuta misozi. Tsiku lachiwiri anapeza masewera ogwetsana aja a zimphona zovala timakabudula, ndipo kuyambira pamenepo nkhwangwa ya mabanja inkagona m'kabati yanga, ine n'kumaitchaja. Akanaululika, mpingo wonse ukanawaseka, ndipo kunyumba kukanakhala kotentha kuposa kumpingo.

Tsopano anali ataima pamaso panga, pakamwa pakufunsa, maso akupempha. Ndikanangoloza chala, ukwati wanga ukanapulumuka. Ndinayang'ana Mizeck. Ndinayang'ana mkulu uja, manja ali m'matumba a jekete. Ndinadana nawo pa nthawi imeneyo, ndikuvomera. Koma pakamwa panga panakana.

"Sindinganene, Ada. Ndinalumbira."

Anthu anang'ung'udza. Misozi inayamba kutsika yokha. Ndinadikira kuti mwina tsopano alankhula, koma anangokhala pansi.

Ama anapumira m'mwamba. "Chabwino. Alendo asabwerere ndi njala."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi beseni ndi jagi ya madzi. Sanatume mtsikana aliyense. Anapita okha kwa amuna awo, popeza mwini khomo ndi amene amayamba kusamba, ndipo anagwada.

"Sambani, Awisi Mizeck."

"Sindikumva njala, NyaManda."

"Sambani chabe, kuti ena asambe."

"Nyamakazi ija."

"Madziwa ndafunditsa."

Anakhala chigwadire, jagi ili m'mwamba. Mayi wamkulu sangagwade mpaka kalekale anthu akuona. Amalume anayamba kutsokomola. Pang'onopang'ono manja aja anatuluka m'matumba n'kulendewera pamwamba pa beseni, mphete kumanzere, mkombaphala wopindika kumanja, zikhadabo zowengedwa bwino.

Happy ndi amene anayamba kulankhula. "Malemu," anatero motsitsa, n'kuvula chipewa.

Ama anathira madzi mosafulumira. "Manja awa ndawathira madzi kuyambira ndili mtsikana," anatero. "Mphete iyi ndinaveka ndine. Chala ichi chinapindika atachitsekera pachitseko cha tchalitchi, ndinamanga ndine. Ndinalidziwa dzanjali usipa uja ndisanamalize kutafuna."

"Munkadziwa, Ama?" anafunsa Mizeck. Iye sanalizindikire, ndipo sindimuimba mlandu. Dzanja la bambo ako umalidziwa likamabwera, osati likakhala phee pachithunzi.

"Ndinatsegula sutikesi ija kalekale. M'kansalu mmene munali foni ndinapezamo sopo."

"Nanga munandizunziranji?" ndinafunsa, ulemu nditauiwala.

Ama anaika jagi pansi. Nkhope yawo inasintha, kuseka konse kunachoka.

"Ndinkadikira mwamuna wanga, mwana wangu. Ndinati akaona mwana wa eni akunyozedwa pamsika, anena. Sananene. Ndinati akaona ukwati wa mwana wake ukugwa, anena. Lero wakuona ukulira, wakhala pansi." Anatembenukira kwa Ada. "Za foni sizinandipweteke kwambiri. Izi ndiye zandipweteka."

Ada Levison anayang'ana manja awo akudontha madzi. Mawu a paguwa aja anasowa.

"Ndinachita mantha," anatero. "Tamanda, mwana wangu, ndakulakwira. NyaManda, zidzukulu zakula. Wamng'ono uja wayamba kuyenda."

"Ndikamuona ndekha," anayankha Ama. "Foni ibwere lero. Ukwati mulengeza ndinu mawa, ndi pakamwa panu. Mukatha pamenepo mukonzenso ulaliki uja, monga amachitira mwanayu ndi kabuku kake. Wakalewo mukautolere nokha khomo ndi khomo."

Kenako anandigwira paphewa. "Iwe mawu umasunga. Pepa kuti ndinakuyesera pamoto. Koma uzisankha owasungira."

8

Anthu ali pakati pa kudya ndi kuseka, Mizeck anandikodola. Ndinamutsatira ndili chikwiyire, chifukwa funso lake lija linali likundibayabe. Tinadutsa m'munda wa chinangwa mpaka pa nyumba imene ankamanga kuti tidzakhalemo. Anatsegula kachipinda kena kamene poyamba tinagwirizana kuti kadzakhala kosungiramo katundu.

Munali kabedi kakang'ono katsopano, kakununkhira vanishi, kokhala ndi timatabwa m'mbali kuti mwana asagwe.

"N'chiyani chimenechi?"

Anakanda m'mutu. "Tsiku lija sunakane. Ndinaganiza kuti alipo, ukungoopa kundiuza. Ndinati mwina unamusiya kwa agogo ake ku Ntcheu." Anakhudza thabwa limodzi. "Kalipentala anandifunsa msinkhu wake, ndinangoyerekeza. Ndinkafuna ukwati ukadzatha tidzapite kukamutenga. Mwana asamakulire kwa anthu mayi ake alipo."

"Nanga amalume akanapita ku Ntcheu kukathetsa?"

"Ndikanakwera nawo minibasi yomweyo."

Ndinakhala pansi, pasimenti.

"Chawezi kulibe, Mizeck. Ayi. Palibe mwana, palibe mimba, palibe Jobe."

"Ndamva," anatero. Kenako anawonjezera, "Ndinali nditayamba kumuzolowera."

Ukwati unalengezedwa m'mawa mwake. Ada anaulengeza ndi pakamwa pawo, ndipo mpaka lero ana a ku Kande akawaona amabisala kuseri kwa mpanda n'kumanong'onezana kuti malemu akudutsa. Ama amaimba ku Joni mpaka foni kutentha.

Owerenga, ena mwa inu mwandiseka, ndipo mwachita bwino, ndinaziyamba dala. Amene mumalemba timabuku ta malangizo, chitsanzo chanu chikhale cha munthu wa dzina loti palibe mayi angapatse mwana wake, ndipo musabwereke dzanja la munthu amene amalowera khomo lakuseri. Pepala losindikizidwa ukhoza kulikonza kambirimbiri, koma anthu amasunga limene linawasangalatsa.

Koma chimene chandilembetsa si chimenecho. Masiku onse aja ndinkalirira mwamuna woti anene molimba mtima kuti Tamanda sangachite zimenezo. Ndinkaona ngati chikondi ndi chimenecho, ndipo atandifunsa za mwana ndinati wandinyoza. Atsikana anzanga, mwamuna wokhulupirira kuti mulibe mlandu ndi wabwino, mukamupeza musamutaye. Wanga anakhulupirira kuti mlandu ndili nawo, mwana alipo, mimba ilipo, mudzi wonse ukunena zoona. Atakhulupirira zonsezo, anapita kwa kalipentala.